Nsalu Imene Ndinayala pa Domwe

Mwamuna wanga Andreya anafera m'ndende, ndipo amene anamupereka ndi Gordon, mlongo wanga weniweni wa bere limodzi. Ndayamba ndi dzina lake dala, kuti ngakhale mutope panjira mukhale mutalimva kale. Gordon. Yemwe uja masiku ano akuimirira pa misonkhano ku Monkey Bay, kukweza m'mwamba zala ziwiri za ofuna zipani zambiri, n'kumapukuta misozi kuti boma linamuphera mlamu wake.

Ine ndine Esitere wa ku Nkope, ndimagulitsa usipa wouma. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye musayembekezere mawu okometsera. Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha mwana wanga mmodzi yekhayo, Lusiya, ndipo nkhoswe yake ndi Gordon yemweyo. Werengani kaye, kenako mundiuze chochita.

1

Andreya anali wophika pa sitima ya panyanja. Matenda a holide anawatengera kumeneko. Ankaona azungu akutsika padoko, mwamuna ndi mkazi atagwirana manja, n'kumapita kuzilumba kukangokhala.

"Esitere, chaka chino nafenso tipita ku holide," anatero tsiku lina, ukwati wathu usanathe n'chaka chomwe.

"Holide n'chiyani?"

"Kupita kwina, osagwira ntchito, kumangoona zinthu."

"Kwathu kuno zimenezo timati ulesi."

"Ndiye tikachite ulesiwo pa chilumba cha Domwe. Pali phiri, ukakwera pamwamba pake nyanja yonse umaiona ngati ili m'beseni."

Mudzi wonse unatiseka. Apongozi anga anati mwana wawo wadya zotsala za azungu mpaka zamulowa m'mutu. Amene sanaseke ndi Gordon yekha. Chaka chimenecho, 1974, anali mlembi wa nthambi ya chipani kwathu, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Anabwera kunyumba atakolekera kamera m'khosi.

"Alamu, tengani iyi. Mu filimu mwatsala malo awiri okha, ena ndinajambulira msonkhano. Mukabwerako ndikatsukitsa ndekha ku boma."

Kenako anandiponyera nsalu yatsopano ya chipani, ya nkhope ija mukuidziwa nonse.

"Uvale iyi podutsa pa Monkey Bay, chemwali. Anyamata ofunsa makhadi akaona nsalu savuta."

Ndinathokoza mpaka kugwada. Ndikakumbuka ndimafuna kuwamenya ndi mwala maondo angawa.

2

Pa Domwe panalibe mudzi, koma misasa ya asodzi basi. Amene anatiwolotsa pa bwato kuchokera ku Chembe ndi a Sumani, msodzi wachisilamu, wamtali, wa mpata m'mano. Ndi amene ankatsogolera azungu okwera phirilo, ndipo ndi kwa iwo kumene anaphunzirira kugwira kamera. Tinamanga tenti yobwereka pansi pa mtengo, tinawotcha mbatata, Andreya n'kumandiphikira tiyi ngati ndine dona.

M'mawa mwake a Sumani anayang'ana diresi yanga ndi nsalu ija, n'kupukusa mutu.

"Amayi, ndi zovala zimenezo phiri ili simulitha. Pena timakwawa, pena timadutsa m'chitedze."

"Ndiye ndivale chiyani, chikopa cha ng'ona?"

Andreya anatsegula chikwama n'kutulutsa thalauza lake lakuda la kutchalitchi, limene anasungira kuti akajambulitse pamwamba.

"Mwapenga inu? Mwaiwala lamulo?"

Ana a lero amene mukuwerenga, dziwani kuti masiku amenewo mkazi kuvala thalauza unali mlandu.

"Madona achizungu amakwera atavala zomwezo," anatero a Sumani. "Ine maso anga amaona njira basi."

Ndinavala. M'chiuno ndinamanga ndi luzi, pamwamba n'kukulunga nsalu ya Gordon ija.

Ndisakunamizeni, ulendowo unakoma. A Sumani patsogolo ndi chikwanje, kutisonyeza ng'azi ikuwothera dzuwa, mbira zikuthawira m'ming'alu ya miyala, mlambe womera pathanthwe popanda dothi. Ankadziwa muzu woti ugwire ndi muzu wonama. Andreya, munthu wa kukhitchini, anali wefuwefu tisanafike n'pakati pomwe.

"Bwana, mimba imeneyo ndi ya m'sitima," ankatero a Sumani. "Phiri siliidziwa."

"Tsogolani inu, ine ndikulondera mchimwene wangayu," Andreya n'kumaloza ine ndi thalauza langa. Pamalo otsetsereka ankandikankha kumbuyo, ine n'kumumenya dzanja, iye n'kumaseka mpaka anyani kutikuwiza. Sindinasekepo choncho chibadwire. Sindinasekenso choncho mpaka lero.

3

Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Andreya sananame: nyanja yonse inali pansi pathu, mabwato ngati makoko a mtedza. Koma thanthwe lake linali lotentha ngati chiwaya. Ndinayesa kukhala, ndinadzambatuka ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Ndiye ndinachita chimene mkazi aliyense amachita pansi pakatentha. Ndinamasula nsalu n'kuyala.

A Sumani anatsokomola.

"Amayi, ipindeni nsaluyo, nkhopeyo ilowe m'kati."

"A Sumani, kuno kuli ndani?" anatero Andreya. "Anyaniwa? Anyani alibe makhadi."

Tinaseka, ngakhale a Sumani anaseka ndi mano okha. Ndinakhala pansalupo, miyendo tambalale, maso kunyanja. Andreya anaima pambali panga n'kuika dzanja lake paphewa langa. Ndinamva kanthu kakuti tche! Nditacheuka, amuna awiriwo anali akuyang'ana nkhwazi kumwamba ngati ana oba shuga.

"Chalira n'chiyani?"

"Chivindikiro cha kamera, amayi," anatero a Sumani.

"Ine ndi thalauzali musayerekeze kundijambula. Jambulani bwana wanuyo."

Ndinadzuka n'kukaima kumbuyo kwa a Sumani. Andreya anakhala pansalu paja, kabudula wake wa kaki, chifuwa patsogolo, miyendo yopingasa ngati mzungu wa m'sitima. Nsapato zake zafumbi zinali pachipumi penipeni pa nkhope ija. Kamera inalira.

Pansi pano pali akazi angati amene anayalapo nsalu pamwala wotentha? Ndiuzeni.

4

Titabwerera, kamera tinapereka kwa mwini wake. Patapita masiku Gordon anabwera nkhope ili yakugwa.

"Pepani alamu, filimu yapsa. A ku situdiyo akuti munalowa dzuwa. Wakutsogolerani uja ayenera kuti anatsegula kumbuyo."

Andreya anadandaula tsiku limodzi, n'kuiwala.

Anamutenga Lamulungu, tikutuluka m'tchalitchi, anthu onse akuona. Galimoto yopanda nambala, amuna atatu a magalasi akuda. Mmodzi anamugwira lamba wa thalauza.

"Ndiwe uja umapukutira nsapato pa nkhope ya mwini dziko?"

Andreya anangondiyang'ana kamodzi, n'kupukusa mutu pang'ono, kundiuza kuti nditseke pakamwa. Anthu amene tinkaimba nawo kwaya anayang'ana pansi ngati ataya singano.

Ndinathamangira kwa Gordon, ndani winanso? Ndinagwa pamapazi ake.

"Achimwene, thandizeni! Inu akumvani!"

"Paphiripo munali angati?" anandifunsa.

"Atatu."

"Iwe sunanene. Alamu sananene. Watsala ndani?"

Sabata yomweyo a Sumani anasowa ku Chembe. Gordon anati wamva kuti awapatsa ntchito m'tauni, mphoto ya pakamwa pawo. Kuyambira pamenepo dzina la Sumani ndinkalitchula ndikafuna kulavula.

Mwezi wotsatira ndi pamene ndinazindikira kuti ndili ndi pakati. Lusiya anabadwa bambo ake ali kumene sitinkakudziwa. Akuyamba kuyenda, uthenga unabwera kudzera kwa Gordon kuti Andreya wamwalira ndi chifuwa ndipo akaidi anzake amuika kale. Panalibe bokosi, panalibe manda, panalibe nyimbo.

"Usalire mokweza," anatero Gordon. "Wachigawenga salilidwa. Ungatiputire mavuto."

Ndinalira nditaluma bulangete. Apongozi anga anabwera, osati kudzapepesa, koma kudzaima pabwalo.

"Nsaluyo anayala ndani? Si iwe? Mkazi wovala thalauza, unamuyalira mwana wanga imfa!"

Anatenga chilichonse cha Andreya, mpaka supuni za m'sitima. Ndinabisa thalauza lakuda lija lokha, pansi pa mphasa. Kuchitsime akazi anzanga ankasiya kuyankhula ndikafika. Zaka zonsezi ku Nkope ndakhala mkazi amene anaphetsa mwamuna wake.

Nanga Gordon? Gordon anakhala tcheyamani wa dera mwezi womwe Andreya anatengedwa. Anamanga nyumba ya malata. Lusiya ankamunyamula paphewa, kumuperekeza kusukulu pa njinga, kumuuza anthu kuti, "Uyu ndi mwana wanga." Ine n'kumati Mulungu anandilanda mwamuna koma anandisiyira mlongo. Chitsiru ine.

5

Mwezi wathawu ndinali pamsika wa Monkey Bay, ndikuthira usipa pa thumba. Panaima mkulu wina wotsimphina, kofia yoyera kumutu, m'kamwa mopanda mano akutsogolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi a thalauza," anatero chapansipansi.

Mawuwo ndinawadziwa, anali a Sumani. Ndinanyamula beseni lonse la usipa n'kumukhuthulira kumaso.

"Mfiti iwe! Yudasi! Wabwera kudzaona ngati ndinafa? Ntchito ya m'tauni ija yatha?"

Anthu anaunjikana. Iye sanathawe. Anasasa usipa pamalaya, n'kutambasula manja ake kuti ndiwaone. Zala zake zinali zokhota ngati mizu ya chinangwa.

"Ntchito ya m'tauni ndi imeneyi, amayi. Ananditenga tsiku limodzi ndi bwana. Tinali chipinda chimodzi m'ndende."

Anandikhazika kuseri kwa sitolo, pamthunzi, n'kundiuza. Atamutulutsa patapita zaka, anathawira kwa abale ake kutsidya kwa malire. Wabwerera tsopano chifukwa anthu ayamba kuyankhula, ndipo akukhala ku Lungwena.

"Ngati si inu, ananena ndani?" ndinamufunsa.

"Palibe ananena. Wallahi, ndikulumbira, palibe. Chithunzi chinali patebulo la apolisi. Ankandimenya zala n'kumati, ndi chala chiti chinadina?"

"Chithunzi chiti? Filimu inapsa!"

"Inapsa? Chinatuluka bwino kwabasi, amayi. Ngakhale fumbi la pansapato linkaoneka."

Kamera ija inachoka m'manja mwa Andreya kupita m'manja mwa munthu mmodzi yekha.

Koma a Sumani anali asanamalize.

"Bwana akabwera komenyedwa, funso lake linali limodzi: 'Sumani, chinacho sanakuonetse?'"

"Chinacho chiti?"

"Chanu. Sichinali chivindikiro chimene chinalira chija. Bwana ananditsinzinira diso kuti ndikujambuleni mobisa, ankafuna adzakudabwitseni. Inu mutakhala pankhope paja, thalauza lili m'miyendo. Milandu iwiri pa chithunzi chimodzi."

"Ndiye anakuonetsani?"

"Ayi. Chinali chimodzi chokha, cha bwana. Ndiye bwana anawauza kuti nsalu anayala yekha, mkazi wake anatsala ku tenti akudwala mutu. Anamupanikiza kuti asinthe mawu. Sanasinthe mpaka tsiku limene tinamunyamula."

6

Usipa ndinausiya pomwepo. Ndinakwera galimoto ya makala mpaka ku Nkope. Gordon ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake, atagwira msoti woyera, akuupima m'manja ngati ungayenere kukaperekedwa pachinkhoswe.

"Chemwali, taona uyu. Akuchimuna akaona adziwa kuti mwana wathu ngoleredwa."

"Ndaonana ndi a Sumani."

Msoti unamupulumuka. Sanauthamangitse.

"Chithunzi changa chili kuti, achimwene?"

"Tsitsa mawu."

"Ndatsitsa mawu kuyambira Lusiya ali m'mimba! Lero sinditsitsa! Chili kuti?"

Anandikokera m'nyumba n'kutseka chitseko. Anatsitsa kalilole wa pakhoma, n'kumasula kumbuyo kwake. Chinali mmenemo. Zaka zonsezi ndakhala ndikumanga duku patsogolo pa kalilole ameneyo.

"Tamvera, Esitere. Wa ku situdiyo anaziona zonse ziwiri, ankanjenjemera. Ndikanabisa, akanakanena yekha. Akanatenga iwe, alamu, ndi ine mwini kamera. Ndinayenera kupereka chimodzi. Ndinasankha magazi anga. Ndinakupulumutsa!"

"Anakutumani ndani? Munabwera kudzatifunsa? Mukanatiuza, si bwenzi titawoloka nyanja tsiku lomwelo? Andreya ankadziwa bwato lililonse padoko!"

"Panalibe nthawi."

"Nthawi yobwera kudzatinamiza kuti filimu yapsa inalipo!"

"Ukanafuna ndipereke chako? Iwe uli ndi pakati?"

"Pakati pake pati? Ine mwiniwake ndinali ndisanadziwe. Inu munadziwira kuti, m'kalilolemu?"

Ndinamusendera pafupi.

"Wa situdiyo ali kuti, ndikamufunse?"

"Anamwalira kalekale."

"Inde. Mboni zanu zonse n'zakufa. Utcheyamani wokha ndi umene unali wamoyo. Ndipo ngati munkandipulumutsa, ichi munasungiranji? Machesi anasowa m'dziko muno?"

Anakhala pampando. Ndiye ananena choona chimodzi chokha chimene chinatuluka m'kamwa mwake tsiku limenelo.

"Pakamwa pako ndimapadziwa. Ndinkadziwa kuti ukadzamva udzafuula. Ndinkafuna pakhale chokukhazika chete."

Mwamva? Mlongo wanga anandipulumutsa ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chingwe cha m'khosi mwanga. Kungoti mphepo yatembenuka chingwecho asanachikoke.

Ndinamulanda chithunzicho. Potuluka anandigwira mkono.

"Ukanena, chinkhoswe chatha. Akuchimuna aja bambo awo nawonso anafera m'ndende, ukudziwa. Sangatenge mwana woleredwa ndi ine. Ndipo nkhoswe ina uipeza kuti? Tinabadwa awiri. Ganizira mwana, chemwali."

"Chotsani dzanja. Limanunkha."

7

Chithunzicho chili pano pamene ndikulemba. Pali mtsikana wovala thalauza lomangidwa ndi luzi, akuseka, sakudziwa kanthu. Paphewa pake pali dzanja la mwamuna. Mutu wa mwamunayo sunalowe, a Sumani anaudula pofulumira. Dzanja lokha.

Andreya sanajambulitsepo chithunzi china moyo wake wonse. Chimodzi chokha chimene chinali ndi nkhope yake ndi chimene Gordon anakaika patebulo paja. Lusiya sadziwa kuti mphuno yakeyo anatengera ndani. Akandifunsa kuti bambo ankaoneka bwanji, ndimangomuuza kuti akadziyang'ane m'madzi.

Dzulo anabwera akuvina, atanyamula nsalu yake ya pachinkhoswe.

"Amayi, mwamva? Amalume akuti Loweruka, asanapereke msoti, adzanenapo mawu okumbukira bambo. Akuti anthu adziwe kuti ndine mwana wa ngwazi. Amalume ndi munthu, eti amayi?"

Ndinati ndikukatunga madzi. Mitsuko yonse inali yodzaza.

Ndinapita kwa abusa, anandiuza za kukhululuka. Ndinawafunsa ngati anaikapo mwamuna wopanda mtembo, anayamba kufufuza vesi. Ine za kukhululuka sindikufunsa, zimenezo tidzakambirana ndi Mulungu patokha. Ndipo musandiuze kuti inali nthawi yoipa, aliyense ankaopa. A Sumani sankaopa? Anawathyola zala, sananditchule. Andreya sankaopa? Anafa akunena kuti ndinali ku tenti. Mlendo wachisilamu ndi mwamuna wa chaka chimodzi anandisunga. Wa bere limodzi anagula nane mpando.

Mwina mukuti komabe uli moyo chifukwa cha iye, ndipo Lusiya sanabadwire m'ndende. Ndikudziwa. Chimenecho ndi chimene chikundiwotcha kwambiri, kuti mpweya umene ndikumutukwanirawu akuti anandipatsa ndi iye.

Ndiye nali funso langa, inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka inu amayi anzanga amene munalira mutaluma bulangete ngati ine. Ndikakhala chete, mwana wanga akwatiwa bwino ndi mnyamata amene amamukonda, ndipo Gordon adzaimirira pamaso pa anthu, dzina la Andreya lili m'kamwa mwake, ine ndikululutira. Ndikaimirira, Lusiya ataya amalume ake, mwina ndi mwamuna yemwe, tsiku limodzi, koma adzadziwa dzanja lili paphewa langali kuti ndi la ndani ndiponso amene anapereka nkhope yake.

Musandiuze kuti zili kwa ine. Zakhala kwa ine ndekha nthawi yonseyi, inu mukuyang'ana pansi ngati mwataya singano. Lero dzutsani mitu. Ndilulutire, kapena ndiimirire?

Ndiyankheni msanga. A Sumani ndawaitana kale, ndipo thalauza lakuda lija ndalisita.